Dzina la a Laisoni pa Tsamba Loyamba

Lachiwiri m'mawa tsamba la a Laisoni linafika pamwamba. Ndinafufuza pa Google katatu kuti nditsimikize, ndipo katatu konse linatuluka loyamba, kuposa masitolo a ziboliboli a ku Lilongwe ndi ku Salima. Ndinali pakhonde la shopu ya fotokope pa Mtakataka, pamene ndimagwira ntchito chimalizireni Folomu 4. Ndinadikira kuti mtima udumphe. Sunadumphe. Mtima wanga umachedwa kumva zinthu. Chisangalalo chimandipeza mawa lake, chisoni mkuja.

Ndinajambula zimene zinali pa foni n'kutumizira Salome.

"Taona atsibweni ako. Nambala wani."

Anayankha nthawi yomweyo. "Eee, Eze wanga! Ndiye Loweruka udzatsegula pakamwa, kapena foni idzakuyankhulira?"

Loweruka limenelo malume anga, a Jeremiah, amayenera kupita nane kwa a Laisoni kukafunsira mbeta. A Laisoni ndiwo mwinimbumba kwao kwa Salome. Ndi mlongo wa amayi ake, ndipo amasema mipando ndi ndodo pafupi ndi Golomoti, pamene msewu wa Khwekhwerere umatsikira kuchigwa. Tsiku loyamba limene Salome anakandionetsa kwa iwo ndinangonena kuti "zikomo" kanayi. Nditachoka anamufunsa kuti, "Kodi mnzakoyu lilime anasiya kusukulu?"

N'chifukwa chake ndinawapangira tsamba la pa intaneti lotsatsira zosema zawo. Ndinkati popeza pakamwa panga sipatha kuwauza kuti ndine munthu wothandiza, manja anga awauze.

Patapita mphindi khumi foni inalira. Anali Salome. Iye saimba masana, amakhala ali pa makina osokera ku Mua.

"Eze, mawu akuluakulu ali pamwambawa walemba ndiwe?"

"Eya."

"Ukudziwa zimene akunena?"

"Ndi nyambo chabe. Ndikufotokozera."

"Ine sindingawawerenge mokweza. Ndine mkazi." Makina kumbuyo kwake anali atasiya kulira. "Undipeze pa njanji nthawi ya nkhomaliro."

* * *

Ndinamupeza atakhala pa muzu wa mlambe, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Sanandiseke kuti ndatuluka thukuta ngati mmene amachitira masiku onse.

Ndinafotokoza. Pa zinthu za kompyuta mawu amabwera okha, ndiye ndinafotokoza motalika. Ndinati kwa miyezi inayi tsambalo linali pansi, pa tsamba lachisanu ndi chiwiri la zotsatira, kumene safikako munthu. Ndinali nditalembapo zoona zokhazokha: mipando ya mlombwa, ndodo za phingo, timitondo ta alendo. Kenako ndinaphunzira kuti suyamba ndi zimene uli nazo. Umayamba waona mawu amene anthu amalemba akamafufuza, n'kuwaika pa mutu wa tsamba, m'chiganizo choyamba, ndi kunsi kwa zithunzi.

"Ofuna mipando ya ku Dedza sakwana makumi awiri pa mwezi," ndinatero. "Koma ofuna zigoba za Gule Wamkulu ndi mazanamazana. Ndiye ndinalemba kuti a Laisoni ndi wosema zigoba. Anthuwo akafika, agula mipando."

Salome anacheuka uku ndi uku. Panalibe munthu, mbuzi zokha.

"Usatchulenso."

"Koma ku mishoni kuno zili pakhoma. Alendo amalowa n'kumaona. Nafenso anatitengera komweko tili Sitandade 6."

"Pakhomapo unaona dzina la munthu wa m'mudzi mwathu, ndi njira yokafikira pakhomo pake?" Anayankhula motsitsa. "Chilombo ndi chilombo, Eze. Chimachokera kumene chimachokera. Sichisemedwa ndi munthu wokhala ndi dzina. Amayi anga ali ndi imvi, amadziwa zimene amadziwa, koma pakamwa pawo sizinatulukepo. Iwe wauza dziko lonse m'Chingerezi."

Ine ndinakulira m'nyumba za aphunzitsi pa mishoni. Sindinamete, sindinalowe gule. Gule ndinkamudziwa ngati chinthu chothawa ukakumana nacho pa njira, basi.

"Ndichotsa lero," ndinatero.

"Misheck wapita kale nayo foni kwa akuluakulu."

Misheck tinali naye kalasi imodzi ku sekondale. Ali ndi shopu ya ziboliboli m'mbali mwa msewu wa M5, njinga yamoto yofiira, ndi tsamba lake limene linali loyamba kwa zaka ziwiri. M'mawa uliwonse amafufuza kuti aone ngati akadali pamwamba. Anafunsira Salome kawiri, Salome anamukana kawiri. Iye anameta ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

"Unene kanthu," Salome anatero.

Ndinayang'ana njanji. Pakati pa mapulanga pake panali patamera chisoso.

"Nanga tsopano?" ndinafunsa.

Anapumira m'mwamba, n'kuvula tepi m'khosi, n'kuikulunga pa zala. "Tsopano upite wekha. Usadikire kuitanidwa."

* * *

Ndinapita Lachitatu pa njinga yakapalasa. A Laisoni anali m'chisakasa chawo, akusema mwendo wa mpando ndi kasemasema. Ndinaodira, ndinanjuta pa khomo. Sanandipatse pokhala, ngakhale kuti mipando inali ponseponse.

"Mwabwera, aphunzitsi," anatero. Kale ankanditchula kuti mnyamata iwe. Ulemu watsopanowu unali wozizira.

"Ndabwera kudzapepesa."

"Mwapepesa." Kasemasema anapitiriza. "Ndikufunseni. Munandionapo ine ndikusema chimene munalembacho?"

"Ayi."

"Alipo anakuuzani?"

"Ayi."

"Ndiye mwina ndi bodza, mwandinamizira. Mwina si bodza, mwaulula. Sankhanipo chokomera inu."

Tizidutswa ta mtengo tinkagwera pa nsapato zanga.

"Dzulo anandiitana anzanga amene ndakhala nawo zaka makumi anayi," anatero. "Mwana wadzulodzuloyu Misheck akuwerenga, akumasulira, ine nditaimirira ngati wakuba nkhuku. Akuti ndikugulitsa mwambo kwa azungu. Mwezi wamawa kuli bona la amayi anga, agogo ake a Salome. Andiuza kuti gule sadzavina pa bwalo lathu dzina langa likadali m'menemo. Mayi amene anaombera gule m'manja moyo wawo wonse, tidzawakumbukire ndi wailesi?"

"Ndimafuna kuti anthu azigula mipando yanu."

"Mipando yanga imagulidwa ndi amene akufuna mpando." Anaika kasemasema pansi n'kundiyang'ana koyamba. "Munthu wosayankhula ndinkayesa ndi wosunga chinsinsi. Ndinamuuza mlongo wanga kuti mkamwini wotere ndi wabwino, sadzatichititsa manyazi pa mowa. Kani mumayankhula ndi zala."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti anali atandivomera kale mumtima, tsamba lisanakwere n'komwe. Ndinazimva ngati nkhani ya munthu wina.

"Loweruka lino a Jeremiah asavutike," anatero. "Loweruka linalo Misheck adzafufuzanso pamaso pa akuluakulu. Dzina langa likadzapanda kutuluka, mubwere, tidzakambe za mbeta. Likadzatuluka, msewu uwu muziudutsa osacheuka."

Ndinati, "Zikomo."

* * *

Kuchotsa mawu kunanditengera mphindi zisanu. Ndinafufuta mutu, chiganizo choyamba, mawu a kunsi kwa zithunzi. Dzina ndinachotsa, njira ndinachotsa. Panatsala mipando yopanda mwini. Kenako ndinatumiza pempho loti tsambalo aliwerengenso mwatsopano.

Lachinayi ndinafufuza. Mawu akale anali pomwepo, pamwamba.

"Unati wachotsa," Salome analemba.

"Ndachotsa. Koma makina ofufuzira amasunga zimene anaona komaliza. Mpaka adzadutsenso."

"Adutsa liti?"

"Sizidziwika. Mwina mawa. Mwina sabata."

"Alibe foni tiwaimbire?"

"Si munthu."

"Ndiye ufanana nawo," analemba. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Ndikuseka." Koma sanaike kankhope koseka.

Malume a Jeremiah anabwera ku shopu Lachisanu atanyamula jekete imene anachapitsa chifukwa cha Loweruka. Ndi munthu wosatha kukwiya nthawi yaitali. Anakhala pa benchi n'kumadzipepesera mphepo ndi pepala.

"Mphwanga, ine ndinafunsirapo anthu asanu ndi awiri. Wina anali atapereka mimba. Wina anali atamenya mlamu wake. Onsewo ndinawatulutsa. Koma wolakwira dambwe ali pa mpando wa fotokope, uyu ndi woyamba."

"Ndachotsa, malume."

"Madzi akatayika saoleka. Koma nthaka imamwa. Tidikire imwe." Anapinda jekete. "Nanga mtsikanayo wamuuza chiyani?"

"Ndamufotokozera mmene zimayendera."

"Sindikufunsa za makina. Wamuuza chiyani?"

Ndinayang'ana makina a fotokope. Malume anapukusa mutu n'kutuluka.

Loweruka linadutsa. Ndinachapa malaya amene ndikanavala, ngakhale anali oyera kale. Lamulungu ku tchalitchi Salome anakhala mbali ya amayi monga mwa masiku onse, koma sanacheuke pa nthawi yopatsana mtendere. Ndinkafufuza dzina la a Laisoni podzuka, pakudya, popita kukatunga madzi. Sindinkaopa. Ndinkangofufuza, ngati munthu wokanda chilonda chimene chinasiya kupweteka.

* * *

Lachitatu linalo nthaka inamwa. Ndinafufuza ndipo tsamba langa linali litasowa pamwamba. Ndinalipeza pansi penipeni, lili ndi mutu watsopano wa mipando ya mlombwa. Ndinayamba kulembera Salome kuti zatheka.

Ndisanatumize ndinayang'ananso chimene chinalowa pa malo oyamba.

Linali dzina la a Laisoni. Mawu anali anga omwe aja, chiganizo ndi chiganizo, mpaka njira yokhotera pa mjigo. Koma sanali pa tsamba langa. Anali pa tsamba lina lalikulu la alendo, kumene aliyense amatha kulembetsa bizinesi yake. Masamba otere amakhala ndi mphamvu kale, chimene waikapo sichichedwa kukwera. Masiku onsewa chinali chitabisala kunsi kwa langa. Ine nditachoka, chinakwera. Pansi pake panalembedwa kuti wolembetsa ndi Ezekiele wa ku Mtakataka.

Ine sindinalembetse. Ndinayesa kulowa kuti ndichotse, koma pamafunika nambala yachinsinsi ya amene anatsegula. Ndinalembera eni tsambalo. Yankho linabwera lolembedwa kale loti adzaona pempho langa mkati mwa masiku khumi ndi anayi. Ine ndinali ndi atatu.

Panali chithunzi chimodzi chimene sindinajambule ine. Chisakasa cha a Laisoni, chojambulidwa kuchokera pa msewu. Ndinachikulitsa ndi zala. Pakona ya m'munsi panaoneka galasi loonera m'mbuyo, ndi kachidutswa ka thanki yofiira.

Ndinafufuta uthenga uja wa kuti zatheka.

* * *

Misheck ndinamupeza pa shopu yake akupukuta njovu yamtengo ndi polishi wa nsapato. Ataona njinga yanga anamwetulira.

"Akatswiri! Nambala wani! Mwabwera kudzatiphunzitsa?"

Ndinamuonetsa chithunzicho, chala changa chili pa galasi lija.

"Njinga zofiira ndi zambiri, aise. Pita pa Golomoti ukawerenge."

"Chotsa."

"Ndichotse chiyani? Palembedwa Ezekiele. Ine ndinameta, ndingalembe zimenezo? Akuluakulu angandikhulupirire ine kapena iwe wa ku mishoni, amene unalemba kale kamodzi?" Anapemerera fumbi pa khutu la njovu. "Zaka ziwiri ndakhala pamwamba. Ndimalemba za njovu, za mvuu, za ngalawa. Ukuganiza kuti mawu amenewo sindinkawadziwa? Ndinkawaona mwezi uliwonse, anthu mazana akuwafuna. Ndinkawasiya. Iwe unabwera n'kutola chimene tonse timachilambalala, n'kumadzitcha wanzeru."

Apo ananena zoona.

"A Laisoni sanakulakwire," ndinatero.

"Ayi ndithu. Ndimawalemekeza kwambiri madala amene aja. Bona lawo ndikufuna lidzayende bwino. Ng'oma ndidzaimba ndine." Anaika njovu pa alumali, pakati pa zinzake. "Mwina ndikhoza kumudziwa munthu amene angachotse zimenezi. Dziko ndi laling'ono. Koma iwe sindimva bwino ukamayankhula, mawu ako ndi otsika. Abwere Salome adzandifotokozere. Yekha. Lachisanu ndikupita ku Salima kukagula vanishi, akhoza kundiperekeza, tikakambirane mofatsa m'njira."

Minibasi inaima pa msewu, kondakitala akukuwa kuti Salima, Salima. Misheck anaikwezera dzanja kuti ipite.

"Usandiyang'ane choncho, aise. Unandiphunzitsa ndiwe. Umaona chimene munthu akufuna, n'kuchiika pa mbedza."

* * *

Sindinamuuze Salome. Lachinayi lonse ndinalemba masamba atsopano anayi okhala ndi dzina la a Laisoni ndi mipando, kuti mwina akwere n'kukankhira chija pansi. Ndinkadziwa kuti tsamba latsopano silikwera m'masiku awiri. Ndinalembabe, chifukwa zala zimafuna chochita.

Lachisanu m'mawa anabwera yekha ku shopu. Anali atavala diresi yabuluu imene anadzisokera kuti adzavale tsiku la kufunsira.

"Misheck wandiimbira," anatero. "Iwe unadziwa Lachitatu."

"Ndimafuna ndikonze kaye."

"Wakonza?"

"Ayi."

Anakhala pa benchi pamene anakhala malume. Anayang'ana manja ake. Chala chimodzi chinali ndi bala la singano.

"Amayi sakudya," anatero. "Akuti amayi awo awalota kawiri. Dzulo anandiuza kuti, mwana wa anthu uja ali ndi njinga, ali ndi shopu, ndi wa mwambo wathu, ukumukaniranji? Ndinawayankha kuti ndili naye wanga. Anati, wakoyo ali kuti, sitikumumva."

"Ndalembera eni tsamba. Akuti masiku khumi ndi anayi."

"Eze."

"Ndapanganso masamba anayi. Akangowawerenga—"

"Eze, tandiyang'ana."

Ndinamuyang'ana. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Ndikapita, mawa dzina lichoka, gule adzavina, iwe ndi a Jeremiah mudzabwera. Koma Mtakataka yense adzakhala atandiona pa njinga ya Misheck, nditamugwira m'chiuno mpaka ku Salima. Ukudziwa zimene adzanene. Ndipo sindikudziwa kuti iye akafuna chiyani tikakafika. Ndikapanda kupita, atsibweni akutsekera khomo. Ine ndaganiza mpaka mutu kuwawa." Anasisita bala la pa chala lija. "Iwe umadziwa mawu amene azungu a kutali amafuna. Unawawerenga mpaka nambala yake. Ine ndakhala pano. Ndikufuna mawu amodzi. Ukanena, ndikhala, ndipo za atsibweni tikazionera limodzi, kaya zitenge chaka."

Ndinkawadziwa mawuwo. Anali pakhosi, athunthu. Koma kumbuyo kwake kunali a Laisoni ataimirira ngati wakuba nkhuku, bwalo lopanda ng'oma, mayi wosadya, ndipo zonsezo ndinazichita ndine. Ndinkaona ngati ndilibe chilolezo choletsa munthu kukonza chimene ndinawononga. Ndinayamba kuyeza mbali iyi ndi iyo, monga ndimachitira ndi chilichonse.

Kunja kunamveka njinga yamoto. Inaima tsidya la msewu, injini osazimitsa. Hutala inalira kawiri.

Salome anadikira. Ndinamva wotchi ya pakhoma, imene sindinaimvepo chiyambire ntchito pa shopupo.

"Chabwino," anatero. Anaimirira n'kukonza diresi kumbuyo. "Ndikupitira agogo. Usaganize kuti ndikupitira iwe."

Anawoloka msewu osathamanga. Misheck anamupatsa chipewa chake, iye n'kukhala wopanda. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Salome anakhala cham'mbali, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha kumbuyo. Njinga itadumpha pa bampu, dzanja linalo linapita pa phewa la Misheck.

Ndinatulutsa foni. Zala sizinachedwe. Ndinalemba kuti, "Usapite," n'kutumiza.

Pa benchi panalira kanthu. Foni ya Salome inali pomwe anakhala paja, itawala, uthenga wanga uli pamwamba penipeni.